Mamilimita 120, 160 kapena 200: njinga iti ingapirire mtsetse wa miyala?

Wogulitsa njinga za m'mapiri mukamufunsa kuti yotsikira pamiyala ndi iti, sachedwa kutchula nambala: 120, 150, 170, 200. Amenewo ndi mamilimita, mtunda umene tayala limatha kukwera m'mwamba likagunda mwala, foloko yakutsogolo kapena shoko yakumbuyo isanafike pothera pake. Okwera njingazi amati travel. Nambalayi ili ndi ntchito yake, koma anthu amaipatsa ulemu woposa msinkhu wake. Wina amakhuthula thumba kugula ya 200 poganiza kuti yochuluka ndiye yabwino, mwezi usanathe n'kupezeka akuikankha pa chitunda chilichonse, thukuta lili kamukamu. Wina amatenga ya 100 chifukwa chopepuka, akangotsika kamodzi pamiyala manja n'kuchita dzanzi mpaka kulephera kugwira buleki.

Musanayang'ane nambala, dziyankheni mafunso awiri. Loyamba: pamwamba pa phiri mudzafikapo bwanji, ndi miyendo yanu kapena pali chokukwezani? Lachiwiri: njira yoyipitsitsa imene muzitsika sabata ndi sabata ndi yotani? Sindikunena ija munaiona pa YouTube usiku wina, koma imene ili pafupi ndi kumene mumakhala. Mukayankha moona mtima, njinga zambiri zimene zili m'sitolo zimadzichotsa zokha pa mndandanda.

Ya 200, yongotsikira basi

Njinga ya downhill imakhala ndi mamilimita pafupifupi 200 kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Mumaidziwira ku foloko: mapaipi ake awiri amakwera mpaka kufika pa handulo, atamangidwa pawiri, pansi ndi pamwamba pa khosi la felemu, monga zilili Fox 40 ndi RockShox Boxxer. Inapangidwira malo onga Fort William ku Scotland, kumene mpikisano wa World Cup unayamba kuchitikirako mu 2002. Njira ya kumeneko imatsika mamita oposa 500 pa mtunda wosakwana makilomita atatu, chigawo chachikulu chakumtunda chili miyala yokhayokha, ndipo akatswiri amaimaliza mphindi zisanu zisanakwane. Pa liwiro limenelo tayala limagunda mwala wachiwiri lisanabwerere bwino kuchoka pa woyamba, ndiye milimita iliyonse imagwira ntchito.

Greg Minnaar wa ku Pietermaritzburg, amene anatenga ukatswiri wa dziko lonse lapansi mu 2003, 2012, 2013 ndi 2021, anatha zaka zambiri ali pa njinga ya mtunduwu, Santa Cruz V10. Koma funsani kuti iye ndi anzake pamwamba ankafikapo bwanji. Ku Fort William kuli gondola ya Nevis Range, timabokosi toyenda pachingwe m'mwamba, imene imanyamula munthu ndi njinga yomwe. Ku Whistler, ku Canada, amakwera mipando yoyenda pachingwe. Ku BikePark Wales, pafupi ndi Merthyr Tydfil, kuli magalimoto okoka ngolo za njinga tsiku lonse. Pa njinga zoterezi palibe amene amapalasa kukwera phiri.

Ndipo n'zomveka. Njingayi imalemera makilogalamu 16 mpaka 18, nthawi zambiri ili ndi magiya 7 okha, onse olimba, opanda ngakhale limodzi lokwerera chitunda. Chishalo chili pansi ndipo chinapendekera kumbuyo, chifukwa sanachiikire kukhalapo. Mukapalasa, mphamvu yanu yambiri imathera m'kugwedera kwa shoko. Pa kona yothina imene mumayenda pang'onopang'ono, mapaipi a foloko amagunda felemu handulo isanakhote mokwanira. Pa Zomba, pa Dedza kapena pa Mulanje palibe gondola yokweza njinga, choncho pokhapokha muli ndi mnzanu wa pikapu amene salira mafuta, njinga imeneyi muzingoyenda nayo pambali. Kwa amene ali ku Britain ndipo amapita kumalo okwezedwawa kawiri kapena katatu pachaka, kubwereka ya tsiku limodzi komweko n'kwanzeru kuposa kugula. Yogula ndi ya munthu amene ali kale ndi njinga ina yopalasa, ndipo malo otere ali pakhomo pake.

Enduro kapena trail: apa ndiye pagona nkhani

Anthu ambiri amene akufuna kutsika njira zoyipa, kusankha kwawo kwenikweni kuli pakati pa mitundu iwiriyi. Za enduro zimakhala ndi mamilimita 160 mpaka 180 kutsogolo ndi 160 kapena 170 kumbuyo. Zinakulira limodzi ndi mpikisano wa Enduro World Series umene unayamba mu 2013, momwe wokwera amadzipalasira yekha kukwera phiri, koma nthawi yopezera wopambana ndi ya potsika pokha. Ndiye anazipanga kuti zikwere, ngakhale mwaulesi, koma zikaloza kumunsi zikhale pafupi ndi downhill. Specialized Enduro, Trek Slash, Giant Reign ndi Santa Cruz Megatower zili m'gulu limeneli. Za trail zimakhala ndi 140 mpaka 160 kutsogolo, 130 mpaka 150 kumbuyo: Specialized Stumpjumper, Trek Fuel EX, Santa Cruz Hightower ndi zina. Makampani amasintha manambalawa akatulutsa mtundu watsopano, choncho dzina lokha lisakunyengeni. Stumpjumper inayamba mu 1981 ilibe shoko ngakhale imodzi, ndipo dzina likadali lomwelo mpaka lero. Funsani chaka chake.

Papepala kusiyana kwake ndi masentimita awiri kapena atatu basi, ndipo munthu akhoza kudabwa kuti phokoso lonseli n'lachiyani. Koma masentimitawo sabwera okha. Amabwera ndi foloko ya mapaipi onenepa, khosi logona kwambiri, matayala otalikirana, matayala a khungu lochindikala, mabuleki akuluakulu, ndi kilogalamu imodzi kapena awiri owonjezera. Mukugula zonsezo pamodzi.

Kusiyanaku simukumva pa mwala umodzi. Tsikani pa chitsotso chofika m'mawondo, zonse ziwiri zichita bwino. Kumaonekera pamene miyala yandandalika kwa mphindi ziwiri, zitatu, osapumira. Ya trail imayamba kukuuzani chilichonse chimene chili pansi. Muyenera kusankha podutsa mosamala, kupepuka pamiyala ina, kuchepetsa liwiro pena. Mukaphonya n'kulowa pakati pa miyala iwiri ikuluikulu, mumva m'mapewa. Ya enduro imakhululuka. Mukalakwitsa podutsa imameza cholakwacho n'kupitirira, ndipo mukafika kumunsi manja akadali anu. Pa tsiku lotsika kangapo, zimenezi si zachibwana, chifukwa ngozi zambiri zimadza munthu atatopa, zala zitasiya kumvera.

Koma tembenukani mbali inayo. Njira zambiri sizikhala zotsetsereka kuchokera pamwamba mpaka pansi. Pali pathyathyathya, pali makona, pali timitunda tating'ono tofuna kupalasa kanayi kasanu. Pamalo oterewa ya enduro imagona tulo. Mukaikankhira pansi kuti ikupatseni liwiro, shoko imangomeza. Imadzuka pokhapokha liwiro likakwera, ndipo si aliyense amene ali ndi mtima kapena luso loifikitsa pamenepo. Ya trail imadumpha timiyala, imakhota msanga, ndipo pa chitunda cha ola lathunthu imakusiyirani mphamvu zotsikira. Ndaonapo anthu ambiri ali pa njinga za 170 amene njira zawo sizifuna n'komwe 140, ndipo amene ali pa ya 140 ndiye amaoneka akusangalala.

Pali kayesedwe kosavuta. Pa paipi ya foloko ndi pa shoko pamakhala kamphira kozungulira kamene kamakankhidwa foloko ikafinyika n'kutsala pomwe yalekezera. Bwerekani njinga, ipopedwe molingana ndi thupi lanu, kankhirani kamphirako pansi, kenako tsikani njira yanu yoyipitsitsa ija mmene mumatsikira masiku onse. Mukafika kumunsi yang'anani. Ngati kaima pang'ono kupitirira pakati, mamilimita otsalawo mukungowanyamula. Ngati kafika kumapeto ndipo munamva kugunda kangapo, mukufunika yokulirapo, kapena iyi yomweyi itakonzedwa bwino.

Maganizo anga ndi awa. Ngati mumadzikweza nokha, ndipo mtsetse wanu uli ndi miyala, mizu ndi zigwembe zokumbidwa ndi madzi a mvula, ya 150 kutsogolo ndi 140 kumbuyo, kapena 160 ndi 150, ikukwanirani ndithu. Pitani ku 170 ngati mumalumpha malo ataliatali, ngati kwanu n'kotsetsereka moti kuima n'kovuta, ngati ndinu a thupi lolemera, kapena ngati masiku okwezedwa ndi galimoto amabwera kawirikawiri. Njinga za batire zasokoneza pang'ono nkhaniyi, chifukwa mota ikamakuthandizani pa chitunda, kulemera kwa 170 sikuwawanso. Koma zambiri mwa njingazo zimapyola makilogalamu 20, n'zodula, ndipo batire ikafa muli kutali ndi wogulitsa, mwatsala ndi katundu.

Zazing'ono, ndi ina yosayenera kuiyandikira

Za cross-country, za 100 mpaka 120, ndi zimene mumaziona pa Cape Epic, mpikisano wa masiku 8 umene wakhala ukuchitika ku Western Cape kuyambira 2004. N'zopepuka, zimauluka pa chitunda, ndipo akatswiri amatsika nazo malo oopsa. Koma amenewo ndi akatswiri, ndipo akupirira kuti apindule pokwera. Ngati chimene chikukukokani ndi mtsetse wa miyala, zidutseni.

Hardtail, imene ili ndi foloko yofinyika kutsogolo koma kumbuyo kuli gwa, ndiyo ndingaiikire kumbuyo pang'ono. Sindikunena zija zopyapyala za mpikisano, koma zamakono za foloko ya 130 kapena 140, khosi logona ndi matayala onenepa. Pa ndalama zofanana, hardtail imabwera ndi foloko ndi mabuleki abwino kuposa ya mashoko awiri, chifukwa wopanga sanawononge ndalama pa shoko ndi zolumikizira zake. Ilibe mabering'i a kumbuyo oti azitha. Imatsika pafupifupi paliponse, kungoti pang'onopang'ono, ndipo miyendo yanu ndiyo imasanduka shoko. Pamiyala yotalika mapazi amadumpha pa mapedulo ndipo tayala lakumbuyo limataya nthaka pamene mukufuna buleki. Dziwaninso kuti kuikapo foloko yaitali kwambiri sikuthandiza mmene mungaganizire: ikafinyika, kutsogolo kokha ndiye kumatsika, njinga n'kuweramira kumunsi pa nthawi imene mukufuna kuti ikhale chilili.

Yosayenera kuiyandikira ndi ija yotchipa ya m'masitolo a katundu wosiyanasiyana ndi m'misika, yokhala ndi sipuling'i yonyezimira pakati pa felemu. Imaoneka yaukali. Mkati mwake mulibe chilichonse choletsa sipuling'iyo, ndi yolemera, zolumikizira zimayamba kugwedera msanga, ndipo kawirikawiri pamakhala ngakhale chikalata cha wopanga choletsa kuyenda nayo m'njira zoyipa. Ndalama imeneyo ndi bwino muonjezere mugule hardtail yakaunjika ya kampani yodziwika.

Chimene chili mkati mwa paipi

Foloko kapena shoko ili ndi zinthu ziwiri. China ndi sipuling'i, yachitsulo kapena ya mpweya, imene imanyamula thupi lanu. Chinacho ndi mafuta odutsa m'timabowo ting'onoting'ono, amene amaletsa sipuling'iyo kufinyika ndi kubwerera mwaphuma. Mukaona minibasi imene mashoko anatha, ikadutsa pa hampu imapitiriza kugwedera mpaka patsogolo: masipuling'i alipo, choletsa ndiye palibe. Njinga ikatero pamiyala, tayala limakhala m'mwamba nthawi yambiri kuposa pansi, ndipo tayala limene lili m'mwamba silikhota, siligwiranso buleki. N'chifukwa chake foloko ya 140 ya mafuta abwino imaposa ya 170 yotchipa, kutalitali. Mu 1990 Greg Herbold anatenga ukatswiri woyamba wa downhill wa dziko lonse lapansi ku Durango, Colorado, ali ndi RockShox RS-1 imene travel yake inali pafupifupi mamilimita 50. Njira za masiku ano n'zoopsa kuposa za nthawi imeneyo, inde, koma nkhaniyi imatsitsako mtima munthu akamaopa kuti 150 ndi yochepa.

Onaninso kunenepa kwa mapaipi. Pa mafoloko a Fox, nambala ya dzina ndiyo kukula kwa paipi m'mamilimita: 32, 34, 36, 38, 40. Kwa RockShox, Pike ndi Lyrik ndi 35, Zeb ndi 38. Paipi yopyapyala ikatalika imapindika mukagwira buleki mwamphamvu kapena tayala likakodwa pakati pa miyala, ndipo ikapindika imakakamira m'malo motsetsereka. Mumamva handulo ikuloza kwina, tayala kwina. Munthu wa makilogalamu 60 akhoza kukhala bwino pa 34 kapena 35, ndipo 38 ingamulemere chabe. Wa makilogalamu 95 amene amatsika mwaukali adzamva kusiyana tsiku loyamba lomwe.

Kenako pali kagonedwe ka khosi, kamene amayeza m'madigiri. Za cross-country zamakono zili pa 66 kapena 67, za trail pa 64 mpaka 65, za enduro pa 63 mpaka 64, za downhill cha pa 63 kapena kutsikirapo. Nambala ikamachepa, tayala lakutsogolo limapita patsogolo kwambiri, ndipo kugubudukira pa handulo kumavuta. Apa ndi pamene njinga zakale zimagwera. Ya 160 ya cha m'ma 2012, ya matayala a mainchesi 26 ndi khosi la madigiri 67, imachititsa mantha pamalo otsetsereka kuposa ya 130 ya lero. Ena amafuna kukonza vutoli poika foloko yaitali. Mamilimita 20 owonjezera amagoneka khosi ndi digiri imodzi kapena kucheperapo, koma amakwezanso njinga yonse ndi kupanikiza felemu pamalo pamene sanaiyesere. Musapyole malire amene wopanga felemu analemba.

Ndipo njinga yodula bwanji, ikapanda kupopedwa molingana ndi thupi lanu, ndi yachabe. Zimene okwera amati sag ndi mmene foloko ndi shoko zimatsikira mukangokwerapo. Valani zonse zimene mumavala, chikwama ndi madzi omwe. Mnzanu agwire handulo. Imani pa mapedulo, gwedezani njinga kawiri katatu, khalani phee, mnzanuyo akankhire kamphira kaja kumunsi, kenako tsikani mosagwedeza. Yezani ndi rula. Kutsogolo mukufuna pakati pa 15 ndi 20 peresenti, ndiye pa foloko ya 160 ndi mamilimita 24 mpaka 32. Kumbuyo ndi cha pa 30 peresenti ya kutalika kumene shokoyo payokha imafinyika: ngati imafinyika mamilimita 60, kamphira kaime pa 18. Pamafunika pampu yakeyake ya shoko, osati ya matayala, chifukwa mpweya wake umatha kupyola 200 psi (muyeso wa mpweya wolembedwa pa pampu) m'kachipinda kakang'ono. Mukatha apo, pezani kotembenuza ka rebound, kosinthira liwiro limene shoko imabwerera nalo, kamene kawirikawiri kamakhala kofiira. Kakatsekedwa kwambiri, shoko sibwerera msanga ndipo imanka ikutsikiratsikira pa miyala yotsatizana mpaka kuuma. Kakatseguka kwambiri, njinga imakuponyani m'mwamba. Anthu ambiri amene amadandaula kuti travel yawachepera, vuto limakhala pano.

Mpweya kapena sipuling'i yachitsulo? Mpweya ndi wopepuka ndipo mumausintha ndi pampu m'mphindi imodzi. Muthanso kuika timapulasitiki mkati tochepetsa chipinda cha mpweya kuti shoko izilimba ikamayandikira kumapeto, njira yotchipa yothetsera kugunda popanda kugula njinga ina. Sipuling'i yachitsulo ndi yofewa poyambira, imamatirira pansi bwino pa timiyala tosalekeza, ndipo sisintha khalidwe ikatentha pa mtsetse wautali. Sithanso kuphwa mpweya, zimene zimakopa munthu amene ali kutali ndi okonza. Koma imalemera, muyenera kugula sipuling'i ya nambala yoyenera thupi lanu, 400, 450, 500 ndi zina zotero, ndipo si felemu iliyonse imene imagwirizana nayo, chifukwa ena anawapanga modalira kuti mpweya ndiwo uzilimbitsa kumapeto. Pa njinga yoyamba, tengani ya mpweya.

Matayala ndi mabuleki

Chinthu choyamba kukumana ndi mwala si foloko, ndi tayala. Njinga zambiri zatsopano zimabwera ndi matayala a khungu lopyapyala kuti zioneke zopepuka m'sitolo. Pamiyala yakuthwa amang'ambika m'mbali, ndiye mwini wake amapopa kwambiri poopa kuphulika, njinga n'kuyamba kunjanja ngakhale mashoko ali abwino. Pa matayala a kampani ya Maxxis, makungu amayamba ndi EXO, kenako EXO+, DoubleDown, ndi la downhill lenileni. Pa njira zoyipa, kumbuyo ikani DoubleDown kapena lofanana nalo la kampani ina, chotsani chubu muthiremo madzi omata zibowo, ndipo yambirani cha pa 23 psi kutsogolo ndi 26 kumbuyo, n'kumasintha malinga ndi thupi lanu. Kusintha kumeneku kumatha kuposa mamilimita 20 a travel, pa mtengo wochepa kwambiri. Kumene kuli minga yambiri, madzi omatawo amakupulumutsaninso ku ntchito yomata chubu m'tchire.

Za mabuleki, vutoli ndi lakale ngati masewerawa. Pa mpikisano wa Repack ku Marin County, California, umene unayamba mu 1976, mabuleki a m'habu ankatentha mpaka girisi kupsa n'kutuluka utsi pa mtsetse umodzi wokha. Lero zipangizo zasintha koma kutentha kukadalipo. Taganizirani msewu wa Gorodi wochokera ku Livingstonia kutsikira ku Chitimba, wa makona pafupifupi 20. Pamenepo simufunika 170, ngakhale hardtail itsika. Chimene chingakutayeni ndi buleki yaing'ono imene yatentha n'kuyamba kufewa muli pakati. Pa njira zazitali funani mabuleki a mafuta a mapisitoni anayi, ndi mbale za buleki za mamilimita 200 kutsogolo, 180 kapena 200 kumbuyo. Dziwaninso mafuta amene amalowamo: a Shimano ndi mineral oil, a SRAM ambiri akale ndi DOT, ndipo mukasakaniza mwawononga malabala onse a mkati. Chishalo chotsika mukadina kabatani pa handulo, chimene amati dropper, musachione ngati chokongoletsera. Chishalo chikachoka pakati pa miyendo, mawondo amapeza malo opindikira, ndipo travel ya mawondo ndi yaitali kuposa ya shoko iliyonse.

Adzaitsegula ndani?

RockShox imati mafuta a kumunsi kwa foloko asinthidwe pakatha maola 50 okwera, ndipo ntchito yaikulu ichitike pa maola 200. Fox imati maola 125 kapena kamodzi pachaka. Wokwera kawiri pa sabata maola 50 amawakwanitsa m'miyezi yochepa, ndipo fumbi la mu Okutobala silidikira kalendala ya kampani. Amene ali ku Johannesburg, Cape Town kapena Manchester angoitengera kusitolo. Amene ali ku Lilongwe, Blantyre kapena Chipata afunse funsoli asanapereke ndalama. Mmisiri wokonza njinga za kabaza ali ndi luso m'manja, angakuwongolereni limu n'kumanga masipoko bwino kuposa ambiri a kunja, koma malabala otchinga fumbi a foloko yanu ndi mafuta ake sangakhale nawo. Ntchito ya maola 50 mungaphunzire nokha, si yovuta, bola muyitanitsiretu zofunikira. Shoko yakumbuyo ndiye ina imafuna zida zapadera. Apa mitundu yofala ya Fox ndi RockShox imapambana mitundu yosowa, ngakhale yosowayo itakhala yabwino, chifukwa zida zake zimapezeka. Ngati funsoli lilibe yankho, hardtail ija ndiyo ingakuyenereni.

Ambiri adzagula yakaunjika, ndiye pitani masana, osati madzulo. Pukutani mapaipi a foloko muwayendetse chikhadabo. Mkwapulo umene chikhadabo chikukodwamo umadula labala nthawi iliyonse foloko ikafinyika, ndipo kusintha mapaipiwo kumadya ndalama zambiri. Pamene utoto wa paipi wafufutika mpaka chitsulo kuonekera, foloko imeneyo inayenda youma. Gwirani buleki yakutsogolo mukankhe njinga patsogolo ndi pambuyo, mumve ngati pali kugogoda. Nyamulani njinga pogwira chishalo pang'onopang'ono: mukamva "kho" tayala lisananyamuke, mabering'i kapena zomangira shoko zatha. Finyani shoko mumvetsere. Ikamalira ngati ikuyamwa, mpweya walowa m'mafuta. Yang'anani mowotcherera monse, makamaka pansi pa khosi ndi pafupi ndi pomangira shoko, ngati pali kamzere kopyapyala kosachoka mukapukuta. Pa felemu ya kaboni, samalani ndi pamene pamatidwa chomata chatsopano pamalo achilendo.

Funsaninso za miyeso. Njinga zambiri za kuyambira cha m'ma 2016 zili ndi mahabu a Boost, mamilimita 110 kutsogolo ndi 148 kumbuyo, ndi khosi lotambasuka kumunsi. Ya matayala a mainchesi 26 ndi khosi lowongoka ikhoza kutchipa lero, koma foloko yake ikafa, yabwino yolowa m'malo mwake muvutika kuipeza. Pakati pa mainchesi 29 ndi 27.5, la 29 limadutsa pamwamba pa maenje mosavuta, la 27.5 limakhota msanga ndipo silimenya matako a munthu wamfupi pamalo otsetsereka kwambiri, n'chifukwa chake njinga zambiri tsopano zimaika 29 kutsogolo ndi 27.5 kumbuyo. Pa mtengo umene mwakonzekera, patulanipo ya pampu ya shoko, zotchingira mawondo, ndi chisoti. Ngati mukupita ku 170 kapena 200, chisoticho chikhale chotchinga ndi chibwano chomwe.